Katiki Kamodzi Kotuwa

Chibadwire, ulendo wautali kwambiri umene mlembi wa danga lino anayendapo ndi wa ku Karonga, kumaliro a apongozi, ndipo njira yonse anali m'tulo. N'chifukwa chake anachita kakasi mu Ogasiti 2023 pamene mnzake wa paubwana, amene muno tizimutchula Wachikwama, anagulitsa firiji ndi njinga yamoto n'kugula pakaunjika chikwama chobereka kumsana, chonga cha azungu amene timawaona ku Nkhata Bay ndi ku Cape Maclear. Akuti akupita ku Ethiopia wapamsewu. Kukaoda katundu? Ayi. Kukasaka ganyu? Ayi. Kukangoona basi.

Padepoti ya mabasi ku Lilongwe, mlembiyu anadziguguda pachifuwa. "Aise, usadandaule, tizilankhulana tsiku ndi tsiku." Palibe anamupempha lonjezo limeneli. Anadzimangirira yekha mwala m'khosi.

Tsiku loyamba zinayenda. Chithunzi cha phiri la Chiweta chinafika, cha mpunga wa kilombero m'mbale chinafika, cha mlatho wa Songwe chinafikanso. Atangowolokera ku Kasumulu, mbali ya Tanzania, kunangoti zii. Apa m'pamene mkulu wathuyu anayamba sukulu ya matiki a WhatsApp, sukulu imene anaiphunzira mwakhama kuposa ya fomu folo. Katiki kamodzi kotuwa ndiye kuti uthenga wachoka koma sunafike. Tiwiri totuwa ndiye kuti wafika pafoni. Tiwiri tabuluu ndiye kuti mwini wake wawerenga, ndipo ngati sakuyankha wachita dala. Kwa masiku atatu mlembiyu anakhalira kupenyerera katiki kamodzi, ngati mlimi wa m'chigwa cha Shire akuyang'ana kamtambo mu Novembala.

Chimene samadziwa n'chakuti mnzakeyo anali atakwera sitima ya TAZARA ku Mbeya. Njanji imeneyi, yomwe inamangidwa ndi thandizo la China m'zaka za m'ma 1970, ndi yotalika makilomita 1,860 kuchokera ku Kapiri Mposhi ku Zambia kukafika ku Dar es Salaam, ndipo mbali ina imadutsa m'nkhalango momwe nyama n'zambiri kuposa nsanja za mafoni. Wachikwama anali pawindo kudya nthochi zootcha. Mlembi anali ku Kawale kulephera kumeza nsima.

Ku Dar es Salaam kunachokera uthenga wa mawu panambala yoyamba ndi +255: "Aise, ndikuimbira 2 koloko usiku." Mlembiyu si munthu wamba, jogalafe anakhoza. Amadziwa kuti nthawi ya ku Tanzania ili patsogolo ndi ola limodzi, choncho 2 koloko ya kumeneko ndi 1 koloko ya kuno. Anatchera alamu, n'kudzuka pakati pa usiku, n'kukhala pakhonde atafunda chitenje cha mayi akunyumba, udzudzu ukuchita naye phwando. Foni sinalire. Zinadziwika mawa lake kuti mnzakeyo, sabata imodzi yokha, anali atatengera kale kawerengedwe ka Chiswahili, komwe maola amayambira kutuluka kwa dzuwa: 7 koloko m'mawa ndi ola loyamba, ndipo "saa mbili usiku" ndi 8 koloko madzulo. Kuno inali 7 koloko. Ndipo inde, nthawi imeneyo foni inaliradi panambala ina yachilendo, ya mnyamata wa kumalo ogona alendo, koma mlembiyu anaidula mokalipa poganiza kuti ndi akamberembere aja amati mwawina mphoto.

"Inu abambo," anatero mayi akunyumba m'mawa akupinda chitenje chawo, "ine pondifunsira munadzukapo 1 koloko?"

Ku Zanzibar foni ya Wachikwama inasambira nawo m'nyanja ya mchere, simu ya kwathu n'kutsalira komweko. Kuyambira apo dziko lililonse linabwera ndi nambala yake: +254 ku Kenya, +256 ku Uganda, +250 ku Rwanda. Mufoni ya mlembi munadzaza Wachikwama TZ, Wachikwama Kenya, Wachikwama Watsopano, Wachikwama Weniweni, Wachikwama Weniweni 2. Tsiku lina anatumiza madandaulo aatali a zakukhosi kwa Wachikwama Kenya, ndipo anayankhidwa mwaulemu m'Chingerezi ndi mayi wina wogulitsa zipatso amene anabwereka mnzakeyo foni kamodzi. Mayiyo anamulangiza kuti azipemphera.

Ku Kigali kokha n'kumene mawotchi anagwirizana, poti Rwanda ndi Malawi nthawi yawo ndi imodzi. Mlembiyu, ataphunzira mochedwa, anachotserabe ola limodzi.

Koma vuto lenileni silinali la mawotchi. Linali la nkhani. Mnzako akakutumizira chithunzi ali ku Jinja, pomwe mtsinje wa Nile umatulukira m'nyanja ya Victoria, n'kufunsa kuti "kwanuko kuli bwanji?", umayankha chiyani? Mlembiyu anayesa. Magetsi anazima Lachiwiri. Galu wa aneba waswa ana asanu. Tomato wakwera. Pofika mwezi wachiwiri nkhani zinatha, moti anayamba kukwera minibasi kupita ku Area 18 popanda chifukwa, n'cholinga choti ajambule maluwa, naye aoneke ngati munthu woyenda. Bandulo imene inapita potsitsa mavidiyo a mnzake akudya chapati ikanakwana kulipira theka la lendi, ndipo vidiyo iliyonse imaima pakati, pakamwa pa Wachikwama pali yasa.

Udindo winanso unangomugwera. Mayi ake a Wachikwama ku Dowa ali ndi kafoni ka mabatani, kopanda WhatsApp, choncho Lamlungu lililonse akaweruka kutchalitchi ankaflasha, mlembi n'kuimba ndi mayunitsi ake. "Mwana wanga, mnzakoyo akudya?" "Akudya, amayi." "Nsima?" Ku Kenya funsoli linali losavuta, poti ugali ndi nsima yomweyi, yangolimbirapo. Atadutsa pa Moyale kulowa mu Ethiopia, mlembi anavutika kufotokoza injera, chikate chowawasa chophikidwa ndi ufa wa timbewu ta teff. Anangoti ndi chitumbuwa chachikulu chimene chinagona. Gogoyo anadandaula kuti amuna awo atapita ku Wenela kalata imabwera kamodzi pa miyezi itatu ndipo mtima umakhala m'malo, pamene za masiku anozi munthu akangosowa masiku awiri ndiye kuti anthu ayambe kusonkha nkhuni.

Ku Addis Ababa kunachokera chithunzi cha lisiti ya khofi yolembedwa chaka cha 2016. Apa mlembiyu anati wagwira wakuba. Munthuyu akutumiza zithunzi zakale za eni ake, mwina ali phee ku Mchinji! Anafika pouza anzake kubawo. Mwana wake wa fomu thu ndiye anamukhazika pansi: kalendala ya ku Ethiopia ili ndi miyezi 13, chaka chawo chimayamba mu Seputembala, ndipo ili m'mbuyo ndi zaka 7 kapena 8 poyerekeza ndi yathu. Lisitiyo inali ya dzulo lake.

Sabata yomweyo, pa 9 Novembala, kwacha inagwa ndi 44 peresenti, dola imodzi kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Uthenga umene unafika usiku umenewo sunachedwe ndi netiweki ngakhale pang'ono. "Achimwene anga okondedwa," unayamba motero, ndipo mlembiyu, amene kwa zaka 30 wakhala "aise", anadziwiratu kuti ndime yachiwiri muli nambala ya akaunti. Anatumiza. Matiki anabiriwira nthawi yomweyo.

Kenaka katiki kamodzi kotuwa kanabwereranso pa +251. Sabata, masabata awiri, atatu. Mlembi analemba "uli kuti", analemba "aise", analemba vesi. Anayesa Wachikwama Weniweni, anayesa Weniweni 2, anafunsa ngakhale mayi wa zipatso uja. Chodabwitsa, ku Dowa nako anasiya kuflasha, ndipo iye anaganiza kuti gogoyo wafooka ndi nkhawa. Anayamba kukonza m'mutu mawu okawauza.

Loweruka lina, mumsika waukulu wa Lilongwe, pamzere wa usipa, anaona chikwama chodziwika chili pamsana pa munthu wowonda, wandevu, akunenerera mtengo.

"Aa, aise! Ndinabwera pa 2 Disembala. Ndinakuflasha kawiri panambala yatsopano, iwe n'kudula."

Mlembiyu anatulutsa foni, n'kupeza nambala ya +265 ija anaitsekera sabata zitatu zapitazo, ataisunga ndi dzina lakuti Wakuba Osayankha. Anaitsegula mwakachetechete, n'kuisintha kukhala Wachikwama Weniweni 3. Usipa wa K2,000 analipira ndi iyeyo, poti mnzakeyo m'thumba munali ma birr a ku Ethiopia okhaokha.