Mpopi wa khadi sudziwa ngongole

Amayi awiri anatula zigubu zawo zachikasu pamthunzi wa hokala ku Chinsapo, mkangano uli mkati. Nkhani yake inali ya mipopi ya khadi, ija a Lilongwe Water Board amaitcha e-Madzi.

"Asisi, inu simunazunzikepo," anatero wamng'onoyo. "Kale ukachedwa kumsika, umapeza wogulitsa madzi wakhoma loko, wapita. Pano ngakhale usiku ungogunditsa khadi, madzi thoo!"

Wamkuluyo anamanga bwino chitenje asanayankhe. "Nanga tsiku limene khadi ilibe kanthu? Mayi uja wa pakiyosiki ndinkamuuza kuti mwana wadwala, ndilipira Loweruka, iye n'kundilemba m'kope. Makinawa mungawadandaulire?"

Mnyamata wa kabaza, amene anakhala pa njinga yake akutokosa foni, analowererapo osaitanidwa. Anati zimenezi si za Water Board yokha. Makinawo anakonza ndi akatswiri a konkuno, a kampani ya iMoSyS, ndipo Banki Yaikulu ya Dziko Lonse inaikapo ndalama. Sananame mnyamatayo. Mu 2017 bankiyi inavomereza madola 100 miliyoni a ntchito yokonza za madzi ndi ukhondo mumzinda wa Lilongwe, ndipo mipopi ya khadi inapindula nawo.

"Ndiye atatu onsewo anakhala pansi," anatero mayi wamkulu uja, "koma ife otunga anatiitana?"

Apa mnyamata anangoseka, n'kubwerera ku foni yake.

Ine ndiima ndi wamng'onoyo, koma pang'ono chabe. Khadi imadula ndalama yolingana ndi madzi amene watunga, palibe zoti chenji chasowa kapena ndowa yako ndi yaikulu. Zimenezi n'zabwino, ndipo n'zonyaditsa kuti nzeru zake n'za Amalawi. Koma funso la mayi wamkulu lija ndi lolemera. Makiyosiki a m'madera ngati uno akhala zaka zambiri m'manja mwa mabungwe a anthu otunga madzi, aja timangoti ma WUA, ndipo ambiri ogulitsa pamenepo ndi amayi omwe amadyetsa ana ndi kamalipiro komweko. Makina akafika, amenewa apita kuti?

Akuluakulu, pokasainirana mapangano ena a zamakono kuhotela, muzisiyako mpando wa amayi a zigubu ndi wa mayi wa kope uja.