Makina Nawonso Akufuna Chitupa

Johannesburg
Julayi 2023

Okondedwa Amalume,

Muli bwanji kumeneko ku Ruda, inu ndi azakhali? Nanga bondo lija likuti bwanji? Ine kuno ndili moyo, kungoti chisanu cha chaka chino chatikhaulitsa. Pa 10 mwezi uno kunagwa chipale chofewa, chimene eni mzinda akuti anachiona komaliza mu 2012. Azibambo a ndevu zawo anatuluka m'maofesi kukadzijambula ndi mafoni, pakamwa pali yasa. Ine ndinangosuzumira pawindo n'kubwerera pampando. Mwana wa m'chigwa cha Honde, kumene nthochi zimapsa zili mumtengo, alibe chibale ndi madzi oundana.

Uthenga wanu uja munatumiza pa WhatsApp ya mwana wa aneba ndinaumva. Mwati mwalengeza ku Hauna konse kuti ine ndine mkulu wa magetsi ku Joni, ndipo anthu ayamba kubwera ndi nkhuku kuti ndiwalembere ana awo ntchito ku Eskom, kampani ya magetsi ya kuno. Amalume, bwezani nkhuku za eni. Ine sindigwira ku Eskom, ndipo masiku ano amene amagwira kumeneko satchula kuntchito kwake akakwera takisi.

Ntchito yanga ndi iyi. Pakampani pathu, yogulitsa katundu mopikulitsa, pali kachipinda kozizira kopanda windo. M'menemo muli makompyuta atatu otchedwa maseva. Sakhalapo munthu, koma ndiwo amasunga mabuku onse: watenga katundu ndani, ali ndi ngongole ndani, alandira zingati ndani. Seva ikathimitsidwa mwadzidzidzi ili mkati molemba, zolembazo zimatha kusokonekera, ndipo pakutha pa mwezi anthu amandiyang'ana ine ngati ndadya malipiro awo.

Tsono magetsi kuno ndi nkhani. Kuthimitsa mosinthanasinthana kunayamba mu 2007, koma chaka chino ndiye kwafika posauzana. Amakuwerenga m'masiteji. Siteji 6 inaoneka koyamba mu Disembala 2019 anthu n'kugwira pakamwa, koma lero yangosanduka mlendo wa pakhomo. Mu Febuluwale a Ramaphosa analengeza kuti vutoli ndi ngozi yogwera dziko, ndipo mu Malichi anasankha a Kgosientsho Ramokgopa kukhala nduna yoona za magetsi okhaokha. Dziko lolemera chonchi lili ndi nduna ya chinthu chimene kulibe. Aliyense ali ndi EskomSePush pafoni, yomuuza ola limene kudere. Ukafuna kufunsira mbeta umayamba waona pamenepo, kuti ungakafike kwawo geti lamagetsi litakana kutseguka. Inu musaseke kwambiri, paja madzi a damu la Kariba atachepa mu Novembala chaka chatha munandilembera kuti magetsi akubwera pakati pausiku ngati fisi, chonsecho mtsinje wa Pungwe ukupukusa makina ake pamphuno panu pomwepo.

Pofuna kuteteza maseva, abwana anagula chibokosi cha mabatire chotchedwa UPS. Magetsi akathima, chimagwirizira kwa mphindi zingapo. Sichingadikire mpaka abwerere. Ntchito yake ndi kupatsa maseva mpata wotseka mabuku n'kugona mwaulemu. Koma kuti zimenezi zitheke, bokosilo liyenera kuuza seva kuti zinthu zavuta. Pali chingwe cha USB chochoka kubokosi kukalowa museva yaikulu, ndi pulogalamu yaulere yotchedwa NUT, dzina lake lonse Network UPS Tools. Ili ndi zigawo zitatu: china chimamvetsera bokosi, china chotchedwa upsd chimafalitsa uthengawo, chachitatu, upsmon, ndicho chimalamula kuti tsopano aliyense agone. Bokosi likamati OL ndiye kuti magetsi alipo. Likati OB tili pabatire. Likawonjezera LB, batire yatsala pang'ono kutha, pemphero lomaliza.

Amene anaika zonsezi anasamukira ku Cape Town ine ndisanalembedwe ntchito, ndipo anatsimikizira abwana kuti zonse zili m'chimake. Loweruka lina usiku magetsi anathima nthawi yaitali, jenereta inalibe dizilo. Bokosi linalira lokha mumdima mpaka mawu kutha, osamvedwa ndi aliyense, maseva onse atatu n'kugwa chagada. Lolemba abwana anandiitana ndi dzina langa lonse, mpaka la agogo.

Ndinakhala pansi, n'kudzutsa chigawo chomvetsera chija kuti ndione chimene chikudwala. Chinandiyankha m'Chingerezi kuti "insufficient permissions on everything". Akuti chilibe chilolezo chokwanira pa chilichonse. Pa chilichonse, Amalume! Ngakhale wapolisi wa pamalire pa Beitbridge amayamba wakufunsa dzina. Ndinaseka mpaka mnyamata amene ndimagwira naye ntchito anaganiza kuti ndazungulira mutu. Sakanamvetsa. Ine ndinaona kuti kapulogalamuka ndi kachibale kathu.

Taganizani. Agogo anachoka ku Mulanje wapansi, kudutsa kwa Apwitikizi, kudzathyola tiyi m'mapiri amenewo. Anafera kukomboni akutchedwa mlendo. Inu munabadwira pa esiteti pomwepo, mchombo wanu uli pansi pa mapiri a Nyangani, koma pachitupa panu analembapo ALIEN. Lamulo la unzika litasintha mu 2001, ine ndinakwera basi mpaka ku Harare kukakana dziko la Malawi, dziko limene ndinali ndisanalipondemo n'kamodzi komwe. Ndinalikana ndi mtima wonse, ngakhale sitinayambanepo. Nditafika kuno, pepala lathu lotilola kukhala kuno lakhala likusintha mayina: loyamba linakhazikitsidwa mu 2009, linalo mu 2014, kenako ZEP mu 2017. Anthu pafupifupi 178,000 tili papepala limeneli. A Aaron Motsoaledi, nduna ya zam'dziko, anati lithe, koma pa 28 Juni chaka chino khoti lalikulu ku Pretoria linagamula kuti chiganizocho sichinatsate lamulo, n'kutiwonjezera miyezi 12. Ndiye m'Johannesburg monse, ngati pali munthu wodziwa kumvera chisoni chinthu chopanda mapepala, ndi mwana wa mlongo wanu.

Maseva athu amayendera Linux, ndipo Linux ndi inu ndendende m'masiku anu a ulonda pageti la fakitale. Amayi sanatope kutisimbira za tsiku lija munabweza manijala watsopano, mzungu wa kabudula ndi masokosi ofika m'mawondo, chifukwa dzina lake munalibe m'buku. Anakalipa, anafiira, anatchula mayina a akuluakulu onse a kampani, inu muli phee ndi tochi yanu masanasana. Makinawa ndi otero. Mwa iwo muli mwini makiyi onse mmodzi, dzina lake root. Ena onse amalowa pokhapo pamene analembedwa. NUT imadzuka ndi mphamvu za root, koma mwadala imazitula msanga n'kukhala wantchito wamba wotchedwa nut, kuti wakuba akaigwira asapeze makiyi m'thumba mwake. Nzeru yabwino. Vuto ndi lakuti khomo la USB lija linali m'dzina la root yekha. Wantchito wafika, bokosi akuliona, kulira kwake akukumva, koma kuligwira ayi.

Mnyamata uja, wa dipuloma yake yonunkhira inki, anati nkhaniyi ndi yaing'ono. Tingouza pulogalamuyo kuti izikhala root mpaka kalekale, apo ayi tilembe chmod 777 pa mafayilo onse, tipite kukadya. Ndikufotokozereni manambalawa, poti inu masamu a pasikelo munkawatha. Fayilo iliyonse ili ndi manambala atatu: ya mwini wake, ya gulu lake, ndi ya wina aliyense wodutsa. Kuwerenga ndi 4, kulemba ndi 2, kuyendetsa ndi 1. Mukaphatikiza zonse mupeza 7. Choncho 777 ndi kuzula geti, kukaliponya mu Pungwe, mlonda n'kumupatsa tchuthi. Zinthu zimayendadi, ndipo n'chifukwa chake anyamata amaikonda nambalayi. Koma mu fayilo ina yotchedwa upsd.users muli mawu achinsinsi amene munthu akawadziwa akhoza kulamula maseva onse kuti agone dzuwa lili paliwombo, makasitomala ali pamzere. Fayilo yotero imafuna 640: root awerenge ndi kulemba, gulu la nut liwerenge chabe, odutsa apitirire ulendo. Komanso khomo la USB ukalitsegula mwa njira yachidule imeneyo, makina akangoyambanso amaiwala, n'kulitsekanso. Ndiye kuti mawa ubwerenso kudzanyengerera.

Mankhwala enieni ndi kulemba dzina m'buku loyenera. Chipangizo chilichonse cha USB chili ndi manambala awiri, ya amene anachipanga ndi ya mtundu wake, ndipo ukalemba lsusb amaoneka. Ndinawatenga, n'kukawalemba m'malamulo a udev, amene ndiye amalandira chilichonse cholowa m'makina, kuti bokosi ili likafika lizipatsidwa kwa gulu la nut. Ndinayesanso. Yankho lomwe lija! Mnyamata anayamba kumwetulira. Apa ndi pamene ndinakukumbukirani zenizeni. Paja manijala uja, dzina lake litalembedwa, munamuuza kuti abwerere kunja kwa geti alowenso bwinobwino kuti mumuchonge? Lamulo latsopano limagwira pa amene akulowa, osati amene ali kale mkati. Ndinazula chingwe, n'kuchilowetsanso. Pomwepo bokosi linayankhula: OL, batire yodzaza.

Zotsalazo zinali zing'onozing'ono koma zochititsa manyazi munthu wa ku Cape Town uja. Mu fayilo ya nut.conf munali mawu akuti MODE=none, kusonyeza kuti nthawi yonseyi pulogalamuyo inauzidwa kuti ntchito yake ndi kusagwira ntchito, ndipo inkaigwira mokhulupirika. Wofalitsa uthenga uja, upsd, ankamvetsera pa 127.0.0.1 pokha, imene ndi adiresi ya iye mwini, ndiye ankangodziuza yekha kuti magetsi athima, maseva awiri enawo osamva kanthu. Ndinamuuza amvetserenso panetiweki, n'kutsegula khomo nambala 3493 kwa awiriwo basi. Mawu achinsinsi nawo anali osiyana, kuno ena uko ena. Nditakonza, dongosolo linakhala lakuti batire ikatsala pang'ono, maseva ang'ono agone choyamba, yaikulu yogwira chingwe igone pomaliza.

Tsiku loyesa, abwana anaima pakhomo atagwira pamtima. Ndinathimitsa magetsi olowa m'bokosi. OB. Tinadikira. LB. Maseva anagona mmodzimmodzi mwaulemu wake, ndipo titayatsa anadzuka mabuku ali bwinobwino. Abwana anandigwira chanza, n'kunena kuti aganizira za malipiro anga. Mpaka lero akuganizirabe, ndi munthu woganiza mozama.

Koma chinthu ukachipatsa pakamwa chimayamba kuulula. Pulogalamuyo imaonetsanso kulemera kwa katundu amene bokosi lasenza. Ndinaona kuti tsiku lililonse cha m'ma 10 koloko m'mawa, nambalayo ikulumpha kuchoka pansi mpaka kutsala pang'ono kufika 100, kenako n'kutsika pakapita mphindi zochepa. Ndinalondola mawaya. Chingwe china chinadutsa kuseri kwa kabati, kuboola khoma, n'kukatulukira mu ofesi ya abwana. Kumapeto kwake kunali ketulo. Amalume, ketulo imodzi imadya mawati pafupifupi 2,000, kuposa maseva atatu onse pamodzi. Munthu anagula mabatire a ndalama zankhaninkhani, n'kumawamwa m'kapu. Anadziteteza kuti amafuna tiyi wake asamadalire ndondomeko ya kuthima kwa magetsi.

Chimene chinandipweteka kwambiri si chingwecho. Ndi zimene amaphikamo. Amamwa rooibos, timasamba tofiira ta chitsamba cha kumapiri a Cederberg, n'kumatcha tiyi. Ine mdzukulu wa munthu amene anathyola masamba awiri ndi kansonga mpaka zala kupindika, kuona mabatire akufera madzi a chitsamba! Choncho wina akamabwera kuno pabasi ya ku Mutare, mumupatsire mapaketi a tiyi wa Tanganda, ndikawaphunzitse anthuwa. Azakhali a ku Ratelshoek ku Chipinge akamva kuti ndi nkhondo ya tiyi, sakana kuthandiza. Ketuloyo ndaisamutsira kukhitchini, ndipo abwana tsopano amaona EskomSePush ngati ife tonse.

Kangachepe ndatumiza pa Mukuru. Ya mankhwala a bondo ikhale ya mankhwala a bondo. Yotsalayo ndi ya basi, chifukwa pali nkhani imene mwaizemba zaka khumi. Malamulo aakulu a dziko a 2013 amanena kuti munthu wobadwira mu Zimbabwe, kholo lake lili nzika ya dziko la mu SADC ngati Malawi, ndipo akukhala m'dzikomo, ndi nzika mwa kubadwa. Ndinu ameneyo. Ndikudziwa kuti chitupa chachitsulo chija mumachikonda chifukwa chimapala bwino mamba a nsomba, koma pitani nacho ku Mutasa DC pamodzi ndi kalata yanu ya kubadwa, akakuchotsereni mawu aja. Mulawire, muvale jekete la kutchalitchi, mutenge ndi nthochi zodya pamzere. Ndipo mlonda wa pageti akakuuzani kuti dzina lanu mulibe m'buku, musakamukalipire. Mnyamatayo munamuphunzitsa ndinu.

Moni kwa azakhali, kwa amayi, ndi onse a kukomboni.

Ine mwana wa mlongo wanu,
wa ku Joni