Maso a nkhono pa bolodi la kwa DC

Makolo adati kuona maso a nkhono n'kudekha, koma sadanene kuti munthu adekhe mpaka liti. Boma ndiye lidamaliza nkhaniyo. Aliyense wofuna ukwati wa kwa DC m'Malawi muno amauzidwa kuti adekhe masiku 21, ndipo kalaliki sachotsapo ngakhale limodzi chifukwa choti holo yalipiridwa kale kapena telala wamaliza kusoka.

Zochita zake n'zochepa. Awiriwo amapita ku ofesi ya DC kapena kwa Registrar General, zitupa zaunzika zili m'manja, n'kulemba chidziwitso choti akufuna kukwatirana: maina, zaka, ntchito, kokhala, komanso ngati munthu sadakwatirepo, ndi wamasiye kapena banja lake lidatha. Pepalalo limamatidwa poyera. Masiku 21 akatha popanda wotsutsa, chilolezo chimatuluka, ndipo ukwati umamangidwa pamaso pa mboni ziwiri. Lamulo lidasiya kakhomo ka chilolezo chapadera kwa amene sangathe kudikira, koma pamafunika chifukwa chomveka. Kunena kuti chikondi chafika pakhosi sikuli m'gulu la zifukwazo.

Nanga nkhonoyo ndi iti? Ndi mbiri ya wokondedwayo. Pa nthawi ya chibwenzi imakhala phee m'chigoba, chifukwa phokoso la mafoni apakati pa usiku ndi tchipisi cha Loweruka limaiopseza. Pakakhala bata imayamba kusuzumira. Diso loyamba likhoza kukhala mayi wa ana awiri amene adasiyidwa ku Mangochi bambo akupita ku Joni. Lachiwiri n'kukhala ukwati wakale umene udatha pakamwa pokha, khoti lisakudziwa. Apa lamulo la maukwati la 2015 siliseka: ukwati wa kwa DC ndi wa mwamuna mmodzi ndi mkazi mmodzi, ndipo wowonjezerapo mwakabisira akhoza kukagwira ndende zaka 5.

Cholinga n'chabwino, chovuta ndi bolodilo. Chidziwitso cha ukwati chimapanikizana ndi mapepala a chuma cha amasiye, mwayi wa ntchito umene tsiku lake lidapita kale, ndi kalata yoitanira msonkhano wa chaka chatha. Owerenga ake okhulupirika ndi munthu wousa mvula pakhonde ndi mayi wogulitsa mtedza, amene sadziwa mkwati ngakhale mkwatibwi. Mayi wa ku Mangochi uja ali kudimba, ndipo palibe chomubweretsa ku boma la eni.

Ntchito imene bolodi limaikanika m'masabata atatu, WhatsApp imaimaliza nsima yamadzulo isanapse. Chodabwitsa n'chakuti mkwati wodandaula kuti boma likumuyalutsa pomata dzina lake pakhoma ndi yemweyo adalipira wojambula zithunzi, n'kupita kunyanja ku Salima atavala malaya ofanana ndi diresi la bwenzi lakelo. Chithunzicho chikangofika pa Facebook, msuweni wa mlamu wa neba amachizindikira, ndipo pofika m'mawa foni ya mkwatibwi yalandira kale uthenga wa nambala yachilendo: "Asisi, pepani, kodi bambo awawa mukuwadziwa bwino?"

Akutchalitchi adayamba kale kudekhetsa anthu. M'mipingo yambiri ukwati umalengezedwa Lamulungu katatu, ndipo wolengeza akafunsa ngati alipo wodziwa choletsa, m'kachisimo mumagwa bata loti wotsokomola aliyense amacheukiridwa ndi mpingo wonse. Zisanafike pamenepo, pali maphunziro a banja ndiponso kaundula wa zopereka. Mnyamata amene adaonekako komaliza tsiku la ubatizo wake amatulukira mwadzidzidzi pa benchi lakutsogolo, Baibulo latsopano kukhwapa, akufunsa mwaulemu kuti ngongole yake yafika pati. Akulu a mpingo amamulandira ndi manja awiri. Amadziwa bwino chimene chamubweza.

Koma akatswiri enieni odikira nkhono ndi ankhoswe. Amalume sawerenga bolodi. Amakhala pampando, n'kufunsa mosathamanga kuti, "Kodi mphwanga, mwanayu kwawo n'kuti, nanga mfumu yawo ndani?" Kenaka amatuma munthu kukamwa madzi kumudziko, ndipo wotumidwayo amabwera ndi mbiri yofika mpaka kwa agogo. Ngakhale pa chinkhoswe penipeni kudekha kumayesedwa: atsikana amabwera atafunditsidwa zitenje, akuchimuna n'kumaponya ndalama kuti avundukule, woyamba n'kupezeka si iye, wachiwirinso si iye. Tambala ndi msoti zimasinthanitsidwa matumba atapepuka. Lamulo la 2015 lidachita bwino kuvomereza kuti ukwati wamwambo, wachipembedzo ndi wa kwa DC ndi wolingana mphamvu, pakuti pa atatuwa, amalume ndi amene amafufuza mozama.

Kudikira kwina n'kwa zaka, ndipo pamenepa nthabwala palibe. Lamulo lomwelo lidati wolowa m'banja akhale wa zaka 18, ndipo mu 2017 Nyumba ya Malamulo idasintha malamulo aakulu a dziko, kutseka mpata umene unkalola ana a zaka 15 kukwatiwa makolo akavomereza. Ku Dedza, Inkosi Theresa Kachindamoto idathetsa maukwati a ana mazanamazana n'kubwezera anawo kusukulu.

Atsala ndi ochenjera aja, amene amati mafomu, ankhoswe ndi zolengeza n'zotayitsa nthawi, n'kungonyamula chikwama kukalowana. Nawonso lamulo lidawakumbukira. Khoti likhoza kuvomereza kuti kukhalira limodzi kwawoko ndi ukwati, koma pokhapokha patatha zaka zosachepera 5, litaonanso ngati ankakhaladi nyumba imodzi, ngati pali ana, ndi momwe ankathandizirana pa chuma. Wothawa masiku 21 amapezeka wadikira masiku oposa 1,800. Ndipo kawirikawiri nkhani yotere imafika kwa woweruza zinthu zitavuta kale, awiriwo akulimbirana nyumba ndi firiji, bambo akulumbira pamaso pa khoti kuti mayi amene wawaphikira zaka zonsezi adangobwera kudzacheza.