Nyumba Imodzi ku Matero, Eni Ake Khumi

Munthu wa mu Lusaka akatopa ndi renti ya ku Kalingalinga, kapena akatopa ndi kupungula madzi m'nyumba dzinja lililonse ku Kanyama, mtima umathamangira ku Matero. Kumeneko kuli nyumba zakale za khonsolo, zimene atsamunda anamanga m'zaka za m'ma 1950 kuti antchito akuda azigona pafupi ndi ntchito koma kutali ndi mayadi. Zipinda zake n'zazing'ono moti bedi likalowa, mwini wake amavulira pakhomo. Komabe anthu amazilimbirana, poti zili pamsewu wowongoka ndipo zili ndi mapepala.

Woyamba kukumana naye ndi ajenti. Ofesi yake ndi foni yosweka galasi. "Bosi, nyumba ilipo, ndi yaulere chabe. Koma ya viewing ikhale patsogolo." Mumalipira kuti muone ndi maso anu omwe, kenaka mumamulipiriranso minibasi.

Nanga mwini nyumba ndani? Apa mpamene pagona nkhani. Mu 1996 a Chiluba analamula kuti nyumba za khonsolo zigulitsidwe motchipa kwa amene ankakhalamo. Mdala wa pano anagula, anapaka penti, anamwalira osalemba wilo. Lero mwana wamkulu akuti administrator ndi iye. Mlongo wake wa ku Chawama akungoseka, chifukwa mapepala ali m'sutikesi mwake. Wachitatu ali ku Johannesburg, amalankhula pa WhatsApp ndipo amakana chilichonse. Pali amalume ochokera ku Petauke, amene sanaikepo ngakhale njerwa imodzi, koma akhala pampando wa malemu ngati nkhuku yofungatira mazira. Iwowa amawerengabe ndalama m'mamiliyoni akale, boma lisanachotse mazero atatu mu 2013, ndipo akasokoneza amasokonezera kokweza mtengo basi.

Poyendera nyumbayo simufunika kufunsa zambiri. Mayi wa khomo loyandikana nalo wafika kale, chitenje m'chiuno, akuti akufuna moto, chonsecho malaiti alipo.

"Mwabwera kugula, atate? Chabwino. Aja anabwera chaka chatha analipira theka. Tikuwaonabe akudutsa."

Ajenti amatsokomola n'kukukokerani kuseri. Kuseriko malemu anamangako tizipinda ta mabuloko, ndipo m'kalikonse muli banja lolipira renti kwa mwana wosiyana. Kantemba ka pageti n'ka mdzukulu, akuti sikali pamtengo. Mtengo wa mango ndi wa mlongo uja. Ngongole ya madzi ndi ya khonsolo yokha ndiyo ilibe mwini, ndiye yanu.

Tsiku lolipira onse amagwirizana modabwitsa, mpaka pemphero. Amalume amakugwirani dzanja nthawi yaitali.

"Mwana wanga, tsopano ndiwe wa pabanja pano. Agogo ali m'chipinda chaching'onocho atsale kaye mpaka mvula ithe."

Simufunsa kuti mvula ya chaka chiti. Mumasamuka, mumamanga mpanda wa mabuloko, mumaika geti lachitsulo ndi magalasi osweka pamwamba. Komboni yonse imatchulabe malowo kuti kwa malemu, inu dzina lanu ndi "aja ogula". Loweruka lina m'mamawa pageti pamagogoda bambo wa chikwama, wochokera ku Kabwe. Akuti ndi mwana woyamba wa mdala, wa mayi ena, ndipo wangomva kumene. Mayi woyandikana nanu amamuyang'ana mphuno, amayang'ana makutu, n'kugwedeza mutu.

"Ndi yemweyo, atate. Mutulutsireni mpando."