Kuthamanga Sikufika, Makamaka Batire Likatha

Akuluakulu amene anapeka mwambi woti kuthamanga sikufika anali anthu oyenda pansi. Ankanena za mnyamata wonyamuka ndi liwiro m'mamawa, yemwe pofika masana umampeza ali thasa pamthunzi, nkhalamba yandodo ikumudutsa n'kumufunsa ngati kumudzi kuli bwino. Sankadziwa kuti kudzabwera kanjinga kopanda utsi, ka mpando wofewa ndi popondapo mapazi, kamene kamamwa magetsi pasoketi. Koma mwambi wawowo wafika poikwana sikuta yamagetsi kuposa mmene unkaikwanira miyendo ya munthu.

Munthu akalowa m'shopu yogulitsa njingazi, funso lake loyamba limadziwika kale: "Achimwene, imeneyi imathamanga bwanji?" Wogulitsa amamwetulira, chifukwa yankho lake lalembedwa ndi manambala akuluakulu pakatoni. Chonsecho maulendo amene wogulayo akufuna kuyenda ndi a kumsika, kuchigayo, kukatenga mwana kusukulu ndi kumapemphero a Lachitatu. Ulendo wa makilomita 3 pa liwiro la makilomita 25 pa ola umatenga mphindi 7 ndi pang'ono. Pa liwiro la makilomita 45 umatenga mphindi 4. Mphindi zitatu zimene wapulumutsazo zikathera pageti, akulonjerana ndi a neba za kukwera mtengo kwa shuga.

Mphindi zitatuzo sizibweranso ulele. Mphepo imene imakankha wokwera kumaso imakula mofulumira kuposa liwiro lenilenilo: liwiro likawirikiza kawiri, mphamvu ya mphepoyo imawirikiza kanayi. Choncho sikuta yothamangitsidwa imatha batire msanga, ndipo amene anadutsa anzake akuimba hutala ndi yemweyo amene amadzapezeka madzulo akukankha njinga, helimeti ili kumutu, akuyankha mafunso a ana.

Dziko limene nkhaniyi linaiyesa mokwanira ndi China, komwe njinga zamagetsi zaposa 300 miliyoni. Zinachuluka chifukwa mizinda yambiri inaletsa njinga zamoto za petulo, monga momwe Guangzhou inachitira mu 2007, ndipo anthu anafunikabe choyendera chotsika mtengo. Makampani monga Yadea ndi Aima anakula pogulitsa tinjinga timeneti kwa agogo opita kumsika, anyamata operekera chakudya m'makomo ndi makolo operekeza ana. Lamulo limene linayamba kugwira ntchito pa 15 April 2019 linati njinga yamagetsi wamba isapitirire makilomita 25 pa ola, isalemere kuposa makilogalamu 55 pamodzi ndi batire, ndipo mota yake isaposere mawati 400. Linawonjezanso kuti ikadutsa makilomita 15 pa ola iziyamba kulira, kuchenjeza anthu. Boma linaika mwambi wa makolo m'kati mwa mawaya, n'kuupatsanso mawu.

Anthu ndi anthu basi. Ambiri ankangotuluka m'shopu n'kupita kwa makaniko kukachotsa chotchinga liwirocho, mpaka malamulo atsopano a mu September 2025 anafuna kuti mota izileka kukankha njinga ikangodutsa makilomita 25 pa ola, komanso kuti mawaya ake asamasinthike mwachisawawa. Komabe mfundo yaikulu yatsala pomwepo: choyendera chimene chagonjetsa mizinda ya dziko la sitima zothamanga makilomita 350 pa ola ndi kanjinga koti wopalasa wamphamvu angathe kupikisana nako.

Apa munthu asafulumire kuganiza kuti chilichonse choyenda pang'onopang'ono chimafika. Mwambiwu sunalonjeze zimenezo, ndipo umboni uli ku Britain. Pa 10 January 1985, Sir Clive Sinclair, katswiri wotchuka ndi makompyuta otsika mtengo, anaonetsa anthu ku London kagalimoto kamagetsi ka mawilo atatu kotchedwa C5. Kanali ka munthu mmodzi, kothamanga makilomita 24 pa ola, pa mtengo wa mapaundi 399. Kanalibe denga, ndipo anakatulutsa pakati pa nyengo yozizira, pamene batire limafooka msanga. Kanali kafupi kwambiri moti wokwera ankayang'anizana ndi matayala a malole, ndipo kampani inkagulitsa padera kamlongoti koti madalaivala azikaonera. Giya yobwerera m'mbuyo panalibe: wofuna kutembenuka pamalo opanikiza ankatsika n'kukanyamula. Anapanga pafupifupi 14,000, anagulitsa pafupifupi 5,000, ndipo chaka chisanathe kampaniyo inagwa. C5 sinathamange, koma sinafikenso.

Kufika, tsono, kuli ndi masamu ake, ndipo amayambira pabatire. Pabatire palembedwa manambala awiri, mavoti ndi ma Ah. Ukawachulukitsa umapeza mphamvu imene lasunga: batire la 48V 20Ah limasunga mawati-ola 960, pafupifupi yuniti imodzi ya magetsi olipiriratu aja. Sikuta yopepuka yoyenda modekha imadya mawati-ola pakati pa 20 ndi 30 pa kilomita, ndiye batire lotere likhoza kuyenda makilomita 30 mpaka 45. Katoni ikalemba nambala yokulirapo, sikuti yanama kwenikweni. Yangoiwala kutchula kuti amene anayesa njingayo anali munthu wowonda, wopanda katundu, pamsewu wosalala wopanda chitunda, tsiku lopanda mphepo, batire lili latsopano. Munthu ameneyo sapita kuchigayo. Wogula wanzeru amawerenga ulendo wake wa tsiku lonse, kupita ndi kubwerera, n'kusankha batire lotha kuuyenda kawiri, poti batire limakalamba ndipo maulendo amabereka ena panjira.

Mabatire ake alipo amitundu iwiri. Lamtovu ndi lotsika mtengo ndipo amakaniko ambiri amalidziwa, koma ndi lolemera: mabatire anayi a 12V 20Ah amaposa makilogalamu 25, ngati kunyamula theka la thumba la chimanga paulendo uliwonse popanda kudyako nsima yake. Limafooka likatchajidwa maulendo mazana angapo, ndipo likasiyidwa nthawi yaitali lili lopanda moto limawonongeka. La lithiamu la mphamvu yofanana silifika makilogalamu 10, limakhalitsa, ndipo nthawi zambiri limazuka n'kulowa nalo m'nyumba. Mtengo wake ndi umene umachititsa wogula kukhosomola. Kuzuka kwakeko kulinso ndi mbali ziwiri, pakuti chimene mwini wake amatha kunyamula ndi dzanja limodzi, wakuba amathanso.

Kenako pali chitunda. Mota ya mawati 250 kapena 400 imayenda mosangalala pamalo athyathyathya, ndipo m'madera ambiri a Lilongwe singadandaule. Ikafika ku Blantyre, pokwera ku Ndirande kapena ku Soche, bambo wathupi atakhalapo ndi jumbo ya ufa pakati pa miyendo, imayamba kulira mwaulemu, kenako imakhala chete. Malo otere amafuna mota yamphamvu zokulirapo, ndipo chofunika si liwiro lake koma kutha kunyamuka pachitunda itasenza. Woyesa njinga asanagule asazungulire pakhonde la shopu. Apite nayo pachitunda cha kwawo, atanyamula zimene amanyamula masiku onse. Njira yokwera ku Ku Chawe ku Zomba aisiye kaye.

Matayala nawonso amalankhula. Masikuta ambiri otsika mtengo ali ndi matayala a mainchesi 10, opangidwira misewu yosalala. Tayala laling'ono likakumana ndi dzenje limalowamo lonse, ndipo uthenga umafika kumsana wa wokwera nthawi yomweyo. Matayala a mainchesi 12 kapena 14, mashoko abwino ndi mabuleki a disiki kutsogolo ndi zinthu zosawala pachithunzi, koma ndi zimene zimafikitsa mazira kunyumba ali athunthu. Nyengo ya mvula ili ndi lamulo lake: mota ya njinga zambiri zoterezi imakhala m'kati mwa wilo lakumbuyo, ndipo kuwoloka nayo chithaphwi chozama kuli ndi mtengo wake.

Chimene chimakopa anthu ambiri ku Malawi n'chodziwika. Aliyense amene anagonapo pamzere wa mafuta mu 2022 kapena kumapeto kwa 2024 analota za njinga yosadziwa njira ya kumalo omwetsera petulo. Koma soketi nayonso ili ndi masiku ake. Mu January 2022 namondwe Ana anawononga malo opangira magetsi a Kapichira pa mtsinje wa Shire, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130, ndipo kuthima kwa magetsi kunasautsa anthu mpaka makinawo atakonzedwa mu 2023. Batire la sikuta limafuna maola 6 mpaka 8 kuti lidzaze. Munthu wothawa mzere wa mafuta akhoza kudzipeza atakhala pampando pakhomo pake penipeni, akudikira babu kuti liyake. Kusiyana kwake n'koti pamzere uwu ali yekha, ndipo tiyi ali pafupi, ngati pali makala.

Mayiko ena vutoli analizemba mwa njira ina. Ku Taiwan, kampani ya Gogoro inayamba mu 2015 kuika m'misewu makabati a mabatire: wokwera amasiya lotha, n'kutenga lodzaza, mphindi imodzi isanakwane. Ku Rwanda, Ampersand imachita zofananazo ndi njinga za kabaza, ndipo kuyambira January 2025 mzinda wa Kigali unasiya kulembetsa njinga zatsopano za petulo zonyamula anthu. Kumene makabati otere kulibe, funso loyenera kufunsa wogulitsa ndi loti batire lina, tchaja ina ndi kabokosi koyendetsa mota zimapezeka kuti, pa mtengo wanji, nanga amene amakonza ndani. Njinga yopanda masipeya imatha kukhala pakhonde zaka, ikugwira ntchito yoyanikapo matawulo.

Kufulumira kumavulazanso potchaja, ndipo apa nthabwala ziyambe zaima. Mu February 2024, moto umene unayambira pamalo oimikapo njinga zamagetsi pansi pa nyumba yosanja ku Nanjing unapha anthu 15. Ku India, kampani ya Ola Electric inaitanitsa masikuta ake 1,441 mu April 2022, imodzi itayaka ku Pune. Batire la lithiamu likayaka silizima msanga. Zimene ozimitsa moto amabwereza n'zosavuta: kugwiritsa ntchito tchaja yake yeniyeni osati yobwereka "yodzaza msanga", kusatchaja pakhomo lotulukira, kusasiya batire pamagetsi anthu onse atagona, ndi kusagwiritsanso ntchito batire lotupa kapena lomenyeka.

Liwiro limabweranso ndi mapepala. Ku India, njinga yamagetsi yosaposa mawati 250 ndi makilomita 25 pa ola siifuna laisensi kapena nambala. Ku Netherlands, sikuta ya makilomita 25 ndi ya makilomita 45 zili m'magulu awiri osiyana, ndipo kuyambira pa 1 January 2023 ngakhale wokwera yodekhayo ayenera kuvala helimeti. Ku Britain, m'bale amene wagula pa intaneti sikuta yampando yopanda zopalasira, akuganiza kuti wagula njinga yakapalasa yaulesi, lamulo limamuona ngati mwini njinga yamoto: pafunika kulembetsa, nambala, inshuwalansi, laisensi ndi helimeti. Kulikonse, kufunsa ku ofesi yoona za pamsewu ndalama zisanatuluke m'thumba n'kotsika mtengo kuposa kufunsidwa ndi wapolisi parodibuloko.

Palinso zinthu zimene katoni sinena. Sikuta yamagetsi siimveka ikamabwera. Nkhuku, mbuzi ndi anthu oyenda akuyang'ana foni anazolowera kuti njinga yamoto imalengeza yokha ulendo wake, ndiye wokwera ayenera kuphunzira kuimba hutala mwaulemu ndi kuyatsa nyale ngakhale masana. Mwamuna wobwera mochedwa amaliona khalidwe limeneli ngati dalitso, mpaka tsiku limene apongozi adzafika pakhomo nayo sikuta yawoyawo popanda chenjezo lililonse. Pansi pa mpando pamalowa helimeti, buledi ndi botolo la mafuta ophikira. Kambedza ka kutsogolo kamanyamula jumbo imodzi. Thumba la makilogalamu 50 lili ndi mwini wake, ndipo mwini wakeyo ndi wakabaza.

Vuto lomaliza ndi la pachibale. Wobwereka njinga ya petulo, ngati ali ndi manyazi, amabweza atathiramo lita imodzi. Wobwereka sikuta yamagetsi alibe chothiramo, ndipo manyazi ake alibe pogwira. Masikuta ambiri ali ndi kabatani ka magiya atatu, 1, 2 ndi 3. Mwini wake, amene anawerenga masamu onse aja, amayenda pa 1 ndi pa 2. Mlamu amene wapempha kuti angofika pagolosale amadina 3 asanatuluke pageti, amadzera kumpira, amaperekeza mnzake kusiteji, n'kubwera dzuwa litapendeka.

"Alamu, kanjinga kanuka kamathamanga bwanji!" amatero akupereka makiyi, nkhope ili mwee.

Pagalasi la kutsogolo kamzere kamodzi kofiira kakuphethira. Magetsi anathima chakumasana, ndipo mwana akuweruka kusukulu nthawi ya 4 koloko.