Dimba ndi langa, matuza ndi a eni ake

Ku Germany timinda ta ndiwo ta anthu a m'tauni amatitchula kuti Schrebergarten, kutengera dzina la dokotala wa ku Leipzig, Moritz Schreber. Mukamva choncho muganiza kuti mkuluyu anali katakwe pa khasu. Ayi ndithu. Ntchito yake inali yowongola mafupa a ana, ndipo anamwalira mu 1861 timindato tisanayambe n'komwe. Mu 1864 mphunzitsi wamkulu wina, Ernst Hauschild, anayambitsa bungwe m'dzina la malemuwo kuti ana akhale ndi bwalo losewerera. Pambuyo pake anawo anapatsidwa timabedi m'mphepete mwa bwalolo kuti aphunzire kulima. Ana ndi ana: anatopa nato msanga, udzu n'kumera, makolo n'kutola makasu. Koma dzina linatsala la adokotala.

Nkhaniyi yandilimbitsa mtima, chifukwa kuno kutsinde kwa phiri la Ntchisi kuli dimba limene mudzi wonse umalitchula dzina langa. Kunena zoona, malowo ndi a malume awo a mayi a ana, ine ndine mkamwini chabe. Koma zikhomo ndinakhoma ndine, n'kugawira ana mabedi: wamkulu repu, wachiwiri mpiru, chitsirizira anyezi. Dzuwa la Okutobala litayamba kulasa pamutu, anawo anathawira ku mpira, ine ku bawo.

Amene amatsetserekera kudambo tambala woyamba atangolira, makheni awiri m'manja, ndi mayi a ana. Iwo amadziwa tomato amene masamba ake ayamba kupiringizika ndi bedi limene lalowa nsabwe. Ine ndimadziwa mtengo wa dengu pa Mponela. Paja akulu anati ukaipa dziwa nyimbo. Mavenda akafika ndi njinga zawo amafunsa za ine, ndipo ndimatuluka nditavala jombo zopanda ngakhale kadontho ka matope, n'kuyamba kudandaula za kuvuta kwa ulimi wothirira.

Tsiku lina ndinawafotokozera mayiwo za Schreber, ndili m'mbali mwa chitsime, poganiza kuti agoma ndi sukulu yanga. Anatula kheni pansi, n'kundiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kujombo.

"Bambo a ana, mwati adokotalawo dimba likuyamba n'kuti atamwalira?"

"Eya, patapita zaka ndithu."

"Ndiye iwowo anali ndi chifukwa chomveka. Nanga inu?"