Switi ya Amalume Siwononga Mano

Ku America, pa 31 Okutobala, ana amavala zoopseza anthu n'kumayenda khomo ndi khomo kupempha maswiti. Amati Halloween. Kwa Nchema kuno, mwana atangoyerekeza kuvala za mizukwa n'kukagogoda pakhomo pa munthu usiku, m'mawa mwake mlandu uli kwa anyakwawa. Ifetu nyengo yathu ndi Khirisimasi, ana akamazungulira mudzi atatchena za pakaunjika: "Odi kuno! Khirisimasi yathu!"

Chaka chino mayi wina wabwera kuchokera kusikelo atapsa mtima ndi zomwe anena azaumoyo. Bungwe la WHO lidanena mu 2015 kuti ndi bwino shuga asamapitirire magalamu 25 patsiku, ndiye kuti timasupuni 6. Botolo limodzi la Coca-Cola ladutsa kale pamenepo. Mayiyo wakhazikitsa lamulo: pakhomo pano switi ayi. Akulengeza lamulolo akutakasa tiyi wa mwana yemweyo, wothira masupuni anayi, chifukwa shuga wa Illovo ali ndi Vitamini A, ndiye kuti ndi mankhwala.

Woyamba kuswa lamulo ndi bambo wa paokala. Iwowo chenji sakhala nacho chibadwire. "Tengani maswiti, amayi." Kukana ndiye kuti ndalama yanu yapita.

Kenako atulukira amalume a ku Joni, chikwama kumanja, jumbo ya maswiti kumanzere. Apa mpamene ulemu wathu umatipweteka. Mayi uja, amene dzulo lomweli amalalikira za mano, ndi yemwe akukankha mwana kumsana: "Gwada! Landira ndi manja awiri! Wati chiyani?" Akayesa kudandaula motsitsa mawu kuti, "Achimwene, zachulukatu izi," yankho lili pafupi: "Chemwali, izi n'za ku Johannesburg, si zanu za ku Limbe zija." Ngati kuti dzino limafunsa pasipoti.

Koma katswiri weniweni ndi agogo. Iwo salimbana ndi lamulo, amangolizembera. Pamfundo ya chitenje chawo pamakhala switi yomwe yaona maliro awiri ndi chinkhoswe chimodzi. "Bwera kuno, mwamuna wanga, amako asaone." Mukawafunsa, akuti iwo adakulira mizimbe ndipo mano alipo. Alipodi, atatu.

Pofika madzulo mwana wadya mpunga wa nkhuku, wamwa Sobo wosasungunula bwino, wadya Kamba, bisiketi, fulizesi, lilime lafiira. Mango ali mbwee pansi pa mtengo, aulere, koma ndani angapatse mwana bango pa Khirisimasi? Anthu anganene kuti pakhomopo zinthu zavuta.

Januwale akafika, tsaya latupa. Ndalama ya minibasi yopitira kuchipatala cha boma ku Chiradzulu ikulimbirana ndi ya yunifolomu. Madokotala a mano m'dziko muno ndi ochepa. Maphunziro a digiri ya mano adangoyamba mu 2019 ku College of Medicine, ku Blantyre. Banja likhala pansi kufufuza wolakwa. Amalume adabwerera kale ku Joni. Agogo akuti pali dzanja la munthu, poti mwanayu amakhoza bwino kusukulu. Bambo a mwanayo, amene sadagulepo mswachi chikwatirire, akuti vuto ndi kulera kwa mayi.

Mlandu ugwera mwana, chifukwa chosamva. Akulira, misozi chuchuchu, ndipo agogo, pomvera chisoni mdzukulu wawo, ayamba kumasula mfundo ya chitenje.